Tsiku Limene Mng'ono Wanga Anaseka Pasiwa

Foni inali yanga, ndipo chala chimene chinadina kuti kanema uja apite ndi changa chomwechi. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa anthu akwathu kuno akamakamba nkhani ya mng'ono wanga amakonda kunena kuti "zinangotuluka," ngati ndi bowa wa m'tchire. Sizinangotuluka ayi. Ndinajambula ndine.

Ine ndimachita geni ya usipa cha ku Ngala kuno. Ndimagula padoko m'mawa, kuyanika pathandala, ukauma n'kutumiza ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Foni yamakono ndinaigulira geni yomweyo, kuti makasitomala aziona katundu asanayitanitse. Kwathu ndine woyamba kubadwa, ndipo pakamwa ndinatengera malemu bambo, sindisunga mawu m'masaya. Mng'ono wanga ndiye anali munthu wa phwete. Olo umuuze nkhani yopanda mchere, iye ankaseka mpaka kugwira m'nthiti, misozi chuchuchu, uku akukumenya paphewa kuti usiye. Azimayi a pathandala ankadziwira kuseka kwakeko kuti wafika.

Mwamuna wake, mlamu wanga, anali msodzi. Anali ndi jekete lalikulu lachikasu limene ankavala olo dzuwa liswe mtengo, ndipo poyenda ankatsogoza mimba, miyendo n'kumabwera pambuyo. Akamachokera kunyanja ankayambira kumsewu kukuwa kuti, "Mayi a mwana, tiyi wanga ali kuti?" Anayamba kumva m'mimba Lachiwiri. Lachitatu tinathamangira naye kuchipatala cha ku Boma, ndipo madokotala anati muli chotupa chimene chaphulikira mkati. Lachinayi tinali titamutaya. Anasiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, amene anali atangoyamba kumene sukulu.

Kwathu kuno pamaliro a munthu wamkulu asuweni a malemu amakhala ndi ntchito yawo. Anthu akalira mpaka mawu kusasa, msuweni amalowa m'nyumba, kuvala zovala za malemuyo n'kutuluka akumutsanzira kayendedwe, kayankhulidwe, ngakhale kakwiyidwe kake. Amachita zimenezi kuti anamfedwa apumeko, akumbukire kuti amene wagona m'bokosiyo anali munthu amene ankawaseketsa. Palibe amadabwa nazo. Ukauma nkhope ndiye amakulondola pomwe wakhalapo mpaka useke.

Mkulu wake wa malemu ali ku Joni, ndipo analephera kubwera chifukwa mapepala ake sanali bwino. Anandiimbira akulira ngati mwana. "Alamu, chonde ndijambulireni zonse, ndimuone m'bale wanga akupita." Mukanakhala inu mukanakana? Ndinajambula kwaya, ndinajambula bokosi likutuluka m'nyumba, ndinajambula abusa akulalikira. Mng'ono wanga anali pamphasa pafupi ndi bokosilo, atatsamira amayi athu. Panali patatha masiku awiri osalawa kanthu, maso atatupa osaoneka n'komwe.

Kenaka msuweni wa malemu, mayi wojintcha bwino, anatulukira kuseri kwa nyumba atavala jekete lachikasu lija, mimba patsogolo, miyendo pambuyo. Anaima pakati pa bwalo n'kukuwa ndi mawu a malemu enieni: "Mayi a mwana, tiyi wanga ali kuti? Anthu onsewa mwawaitana kudzamwa tiyi wanga?" Siwa yonse inagwa nalo phwete. Abusa anabisa nkhope m'Baibulo. Apongozi ake a mng'ono wanga, mayi wobereka malemuyo, anaseka mpaka duku kugwa. Ndiye mng'ono wanga nayenso anaseka, kuseka kwake kuja, mutu chagada, mano onse pamtunda, misozi ikadali m'masaya. Sanaseke nthawi yaitali. Atatha analira kuposa poyamba, koma madzulo ake anamwako phala. Ine mumtima ndinati Mulungu amudalitse msuweni ameneyu.

Titachoka kumanda ndinatumiza makanema onse pagulupu ya banja ya pafoni, kuti alamu a ku Joni aone pamodzi ndi abale ena akutali. Gulupu imeneyo ndi ya banja dzina lokha. Muli azilamu a azilamu, anzawo a ana, ndi manambala ena oti mpaka lero sindidziwa eni ake. Sindinaganizeko kawiri.

Patatha sabata, ndikutembenuza usipa pathandala, mayi wina amene timayanika moyandikana anabwera n'kuima pambali panga. Kenaka anangondipatsa foni yake. Anali kanema wanga yemwe uja, koma atamudula. Msuweni munalibe, jekete munalibe, apongozi ndi duku lawo munalibe. Munatsala nkhope ya mng'ono wanga yokha akuseka chagada, bokosi lili pambuyo pake, ndipo pamwamba anaikapo nyimbo yamaliro. Mawu ake analemba kuti: "Onani mfiti iyi. Mwamuna ali m'bokosi, iyo ikuseka. Amuna anzanga, samalani ndi zimene mukudya kunyumba." Anali atamuika pa tsamba lina la miseche la pa intaneti, limene anthu a dziko lonse lino amakasekerapo anzawo. Amene anadula kanemayo sindimudziwa mpaka lero, koma ndi munthu amene anaona zonse, kuyambira jekete mpaka kumapeto, n'kusankha dala poti adule.

Pansi pake ndemanga zinali mbwee, kutsitsa ndi chala osafika pothera. Ena amati anamuthira tameki m'ndiwo. Ena amati ali ndi chibwenzi, akusekerera kuti boti latsala m'manja mwake. Wina analemba kuti akazi otere ngofunika kuwotcha, anthu n'kumuikira timitima pansi. Azimayi anzathu ndiye anali patsogolo, abale inu, ena atayika mavesi a m'Baibulo pa zithunzi zawo. Ndinakhala pansi pamchenga, usipa n'kuuiwala.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Amayi anandiuza tsiku lomwelo kuti, "Iwe, galu akamakuuwa suuwa nawo. Zisiye, zizizira zokha." Koma ine ndi pakamwa pangapa! Ndinagula bandulo, n'kulowa pa tsambalo ngati ndikulowa m'bwalo la ndewu. Ndinawalalatira onse, kuwatchula agalu, mbuli zosadziwa mwambo. Ndinalemba kuti ameneyu ndi mng'ono wanga weniweni, bere limodzi, ndife a mudzi wakutiwakuti cha ku Ngala, mwamuna wake anali wakutiwakuti mwini boti lakutilakuti, amene akufuna zoona abwere adzafunse. Ndinaikaponso kanema wathunthu uja kuti aone okha. Ndinagona tsiku limenelo ndikudziona ngati ndamenyera m'bale wanga nkhondo.

Kanema wathunthuyo palibe anamuonera. Ndani ali ndi bandulo yoonera zinthu zazitali zopanda mfiti? Chimene anatola pa zonse ndinalembazo ndi mudzi ndi dzina la boti. Nambala ya malemu mlamu wanga inali yodziwika kwa ogula nsomba ambiri, ndipo pasanathe tsiku wina anaiika pa tsambalo. Poyamba anthu aja ankatukwana nkhope yopanda dzina. Ine ndi amene ndinawalozera khomo.

Foni ya malemu inali m'manja mwa mng'ono wanga. Ankaisunga m'chitenje pachifuwa, chifukwa munali mauthenga a mawu amene mwamuna wake ankamutumizira ali padoko: zoti ayike madzi osamba pamoto, zoti mwana asapite kunyanja, ina akungoyimba nyimbo yosadziwika mutu wake. Ankawamvera mobwerezabwereza. Tsopano mufoni momwemo munayamba kulowa mauthenga a anthu osawadziwa. Amuna ankaimba n'kumufunsa kuti popeza malo atseguka, abwere liti. Ena ankangoimba, iye akayankha, iwo n'kuseka motsanzira kuseka kwake kuja, n'kudula. Mayi wina ankatumiza pemphero tsiku ndi tsiku loti Mulungu amukanthe ndi matenda osachiritsika. Ndinamuuza kuti titaye simukhadi imeneyo. Anakana kwamtuwagalu. Ankaopa kuti tikangoichotsa, mawu a mwamuna wake apita nayo limodzi.

Ndiye ankawerenga zonse. Ndinkamupeza kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, atawerama pafoni, chala chikutsitsa pang'onopang'ono. Ndikati, "Iwe, ukuwerengeranji zonyansazo?" ankayankha kuti, "Ndingofuna ndione ngati pali wina amene wanena zabwino." Pathandala anasiya kubwera. Kumsika anapitako kamodzi, atsikana awiri n'kumuloza ndi milomo, mmodzi n'kukweza foni. Anasiya dengu pomwepo n'kubwerera chothamanga. Kutchalitchi anasiya atamva kuti azimayi ena akufunsana ngati n'koyenera kuti azidya nawo mgonero.

Chimene chinandiwawa koposa si anthu akutaliwo. Ndi anthu amene analipo pasiwa paja, amene anaseka nawo ndi pakamwa pawo. Ataonera kakanema kodulidwako kakhumi, anayamba kukhulupirira foni kuposa maso awo. Apongozi ake, omwe aja a duku, anayamba kuuza anthu pachitsime kuti, "Tonse tinaseka, inde, koma iye uja anaseka mopitirira." Ndinapita kwa msuweni uja kukamupempha kuti ajambulitse mawu, afotokoze kuti iye ndi amene anaseketsa anthu. Anandilandira bwino, kundiyalira mphasa, kenaka n'kunena kuti, "Pepani amayi, ine musanditchule. Ndili ndi ana, sindifuna nkhope yanga iyende m'mafoni." Ndinamutukwana ndikutuluka, koma panjira ndinadziwa kuti iye anali ndi nzeru kuposa ine.

Mng'ono wanga anayamba kufota tikumuona. Zovala zinayamba kumukhwepa. Kusamba mpaka amayi amukakamize. Ankakhala m'nyumba mawindo atatseka, kunja kukutentha. Akati ayankhule ankayamba waphimba pakamwa ndi dzanja, ngati mano ake ndi chinthu chochititsa manyazi. Tsiku lina mwana wake akusewera ndi anzake pakhonde anaseka mokweza, kuseka kwa mayi ake kwenikweni. Mng'ono wanga anatuluka ngati mphezi, n'kumukokera m'nyumba, n'kumutseka pakamwa mwamphamvu mpaka mwana kulephera kupuma. "Usamaseke panja! Akujambula!" Kunjako kunalibe munthu, kunali nkhuku zokha.

Kenaka anayamba kundifunsa mafunso amene ankandiimitsa mutu. "Achemwali, kodi Lachiwiri lija ndikanapita naye kuchipatala tsiku lomwelo, akanafa?" Ndinkamuuza kuti madokotala ananena okha kuti chotupacho chinali chakale. Ankagwedeza mutu, mawa lake n'kufunsanso. Tsiku lina anati, "Anthu onsewa sangalakwitse onse. Mwina ndinamuphadi, kungoti sindikudziwa mmene ndinamuphera." Ndinamugwira mapewa n'kumugwedeza, ndikumukalipira kuti asiye zopusa. Ndimo mmene ndinkadziwira kuthandiza munthu, kukalipa basi.

Pa intaneti nkhaniyo inatha pasanathe mwezi. Anapeza wina womuseka, mtsikana wa kwinakwake amene anagwa akuvina paukwati. Apa ndiulule, ndisanaone zathuzi inenso ndinali mmodzi wa otumiza zoterezi. Ndaseka anthu ambiri ine, ndikutafuna chinangwa pathandala, n'kutumizira anzanga kuti nawonso aseke. Sindinadzifunsepo kuti munthu ameneyu ali ndi mkulu wake, kapena kuti madzulo ano adya. Chaona mnzako chapita, akuluakulu sananame.

Koma nkhope yake sinathe nawo. Wina anaidula pakanema paja n'kuisandutsa kachithunzi kotumizirana pocheza, kaja anthu amaponya m'malo molemba kuti ndaseka. Patatha miyezi itatu, kasitomala wanga wa ku Lilongwe, mayi waulemu wake amene sadziwa chilichonse cha banja lathu, anandifunsa mtengo wa usipa. Nditamuuza, anandiyankha ndi nkhope ya mng'ono wanga, mutu chagada, ngodya ya bokosi la mwamuna wake ikuonekera kumbuyo. Pansi analemba kuti, "Tsitsaniko mayi." Katundu ndinamutumizira ndithu, geni ndi geni, koma sindinamuuze kanthu.

Tsiku lina m'mawa, ndikukonzeka kupita padoko, mng'ono wanga anafika kwanga atagwira mwana padzanja, kumutu atasenza kathumba. Anali atasamba, atapesa, kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, ndipo ndinayamba kusangalala. M'kathumbamo munali zovala zonse za mwana, yunifolomu, makope ndi kabuku kake ka kusikelo. "Achemwali, uyu azikhala kwanu. Sakonda therere, musamamukakamize. Akadwala malungo amayamba ndi kusanza." Ankayankhula modekha ngati munthu amene wamaliza ntchito yake yonse. Ndinamufunsa kuti iwe ukupita kuti. Anati, "Ndatopa, achemwali. Ndingofuna ndikapume." Tsiku limenelo sindinakalipe. Ndinamugwira dzanja osalisiya, ndinatumiza mwana kwa agogo ake, tinakwera kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku Boma, dzanja lake lili m'dzanja langa njira yonse.

Kuchipatala tinapeza dokotala wachizimayi amene anatilowetsa m'kachipinda n'kutseka chitseko. Anandiuza kuti ndikhale chete, ayankhule mwini wake, ndipo ndinamvera ngakhale zinali zondivuta. Mng'ono wanga anayankhula nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa. Zina zimene ananena mmenemo sindingazilembe. Dokotalayo anati awa ndi matenda a maganizo, matenda ngati ena onse, si ufiti ndipo si kufooka kwa chikhulupiriro. Anapereka mankhwala, anatiuza masiku oti tizibwera kudzacheza naye, ndipo ine ananditengera pambali n'kunena kuti munthuyu asamakhale yekha. Pobwerera tinadzera kwa wokonza mafoni pamsika, amene anasamutsira mawu onse a malemu pa kakhadi kosungira nyimbo. Mng'ono wanga atamva yekha mawu a mwamuna wake akutuluka m'kawayilesi, ndi pamene analola kuti simukhadi ija tiithyole.

Anasamukira kwa amayi. Pang'onopang'ono anayamba kudya, kusesa pabwalo, kupita kumunda wa chinangwa mbandakucha anthu asanadzuke. Pathandala sanabwerere. Tsiku lina tikusenda chinangwa awiriwiri ndinalimba mtima, ine amene sindinapepesepo munthu chibadwire. Ndinagwada pamakoko pomwepo n'kunena kuti, "M'bale wanga, ndikhululukire. Ndinajambula ndine, ndinatumiza ndine, mudzi ndinaulula ndine." Ndinkafuna anditukwane, andimenye ndi chinangwa kumaso, kuti mwina mtima wanga upepuke. Iye anapitiriza kusenda. "Dzukani achemwali, mudetsa chitenje. Inu munalakwa chiyani? Ndinaseka ndine." Mawu amenewo amandipweteka kuposa ndemanga zonse zija kuziphatikiza.

Amayi anatisiya dzinja lapitali, atadwala chifuwa milungu itatu. Mng'ono wanga ndi amene ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala mpaka tsiku lomaliza. Anthu atayamba kusonkhana ndinaima pabwalo n'kulengeza ndi mawu anga onse kuti aliyense amene nditamuone atakweza foni pasiwa pano, ndiiponya m'chimbudzi. Asuweni a amayi ndinawauza kuti zovala za malemu asazikhudze. Anthu anang'ung'udza kuti mayi uyu wayamba liti kulamula maliro, koma ndinalibe nazo ntchito. Komabe khamu la pamaliro ungalilondere bwanji? Mafoni anali m'matumba, m'zitenje, m'manja mwa achinyamata amene anatsamira mitengo.

Nthawi yotulutsa bokosi itakwana, azimayi anandiuza kuti mng'ono wanga sakutuluka kuchipinda. Ndinalowa. Ndinamupeza atakhala pamphepete pa bedi la amayi, atavala bwinobwino, duku lakuda kumutu, kagalasi kakang'ono kali m'manja. Chimwalirireni amayi, iye anali asanagwetse msozi.

"Tiye, akutidikira," ndinatero.

"Achemwali, ndikalira kwambiri anena kuti ndikunamizira kuti ndifufute zija. Ndikapanda kulira anena kuti mfiti ija yadyanso mayi ake." Anayang'ana pakagalasi paja, n'kuyesa kukweza nsidze, n'kuzitsitsanso. "Nkhopeyi ndiiike bwanji?"

Ndinamuuza kuti awa ndi amayi ako, lira mmene mtima wako ukufunira. Anapukusa mutu.

"Ayi. Inu mukhale pambali panga. Muzindiyang'ana. Mukaona kuti yalakwika, munditsine."

Ndinavomera, chifukwa popanda kutero sakanatuluka. Tinakhala pamphasa moyandikana, dzanja langa lili pantchafu pake pansi pa chitenje. Kwaya inaimba, abusa analalikira, bokosi linanyamulidwa, tinayenda mpaka kumanda m'matope. Ine sindinaone bokosi la amayi anga likutsikira m'dzenje, chifukwa maso anga anali pa nkhope ya mng'ono wanga monga anandipempha. Iyenso sanalione, ankayang'ana manja a anthu. Nkhope yake sinagwedezeke ngakhale pang'ono, ndipo sindinamutsine. Tikubwerera anandinong'oneza kuti, "Ndinakhoza?" Ndinati eya, unakhoza. Amayi ake sanawalire mpaka lero.